Sukulu ya Udokotala ndi Umoyo wa Anthu Akumudzi: Nkhani ya Boma la Phalombe

Sukulu yophunzitsa madokotala imadziwika ndi ntchito zitatu: kuphunzitsa, kuchita kafukufuku, ndi kuchiza odwala m'chipatala chimene ophunzira ake amasuliramo luso. Palinso ntchito ina yomwe silembedwa pa satifiketi ya wophunzira aliyense, koma ndiyo imaonetsa ngati zitatu zija zikupindulira dziko. Ntchitoyi ndi yoyankhulira anthu okhala kutali ndi chithandizo, ndiponso kukhala nawo pa mabwalo pamene pamagamulidwa za ndalama za mankhwala, za misewu, za madzi akumwa ndi za kumene ogwira ntchito atumizidwe. Mu 1995 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidaifotokoza mfundoyi momveka bwino: sukulu ya udokotala ilunjikitse maphunziro ake, kafukufuku wake ndi chithandizo chake pa mavuto akuluakulu a anthu amene idakhazikitsidwira, ndipo mavutowo isamawasankhe yokha, koma pamodzi ndi boma, ogwira ntchito zachipatala ndi anthu eni ake.

Ku Malawi udindo umenewu udagwera College of Medicine, yomwe idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ngati nthambi ya University of Malawi, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo yokha inkatulutsa madokotala m'dziko muno. Isadatsegulidwe, mwana wa Malawi wofuna udokotala ankayenera kupita kunja. Daniel Malekebu adatero, n'kumaliza maphunziro ake ku Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo Hastings Kamuzu Banda adadzera sukulu yomweyo patapita zaka. Ufulu utabwera, boma linkatumiza achinyamata kunja, makamaka ku Britain, koma ambiri ankangokhaliratu komweko. N'chifukwa chake anthu ngati Pulofesa John Chiphangwi, katswiri wa za uchembere, adalimbikira kuti dokotala wa Malawi aziphunzirira pakati pa matenda a Malawi. Gulu loyamba lidayambira ku Britain n'kudzamalizira pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo lidalandira madigiri mu 1992. Mu 2021 kolejiyi idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, yomwe anthu amangoti KUHeS.

Amene adayambitsa kolejiyi ankadziwa kumene Amalawi amakhala. Ngakhale pa kalembera wa 2018, anthu 84 mwa 100 aliwonse adapezeka kuti ndi akumudzi. Motero phunziro la umoyo wa m'midzi silidaikidwe kumapeto ngati chowonjezera, koma lidapatsidwa malo aakulu ndi nthambi yakeyake ku Mangochi, komanso chipatala chaching'ono cha Lungwena kutsidya la kum'mawa kwa nyanja chidakhala malo ophunzirira. Kumeneko kudayambira ndondomeko yotchedwa Learning by Living, yoti wophunzira wongoyamba kumene akagone masiku angapo pakhomo pa banja la m'mudzi. Amadya chimene eni khomo adya, amakatunga madzi kumene iwo amatunga, amaona chimbudzi ngati chilipo, amawerenga anthu ogona m'chipinda chimodzi ndi masikito amene ali m'nyumbamo. Mnyamata wokulira ku Namiwawa kapena ku Area 47 akabwerako kumeneko sadabwanso mayi akafika kuchipatala mwana atadwala kale masiku anayi.

Boma la Phalombe ndi malo abwino oyeserapo ngati maganizo amenewa amafikadi kumathero a msewu. Bomali lidapatulidwa ku Mulanje mu 1998, ndipo pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu 429,450, ambiri a iwo Alomwe. Kumwera kuli phiri la Mulanje ndi la Michesi, ndipo pakati pa awiriwa pali mpata wa Fort Lister, pomwe atsamunda adamangapo linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo. Kumpoto chigwa chimatsetsereka mpaka kunyanja ya Chilwa, kum'mawa kuli malire ndi Mozambique. Anthu amalima chimanga, nandolo, mapira, mpendadzuwa ndi mpunga, ena ndi asodzi, ndipo njinga ndiyo galimoto ya pakhomo: imanyamula thumba la nandolo, imanyamulanso wodwala. Matenda a m'bomali amatsata malo amenewa. Malungo ndi likodzo zimakonda madambo, kolera imazungulira nyanja, ndipo kumapiri kumatsika madzi osefukira.

Kwa zaka 24 chikhalire boma palokha, Phalombe idalibe chipatala chachikulu cha boma. Zipatala zazing'ono monga Migowi, Nambazo, Mpasa, Chitekesa, Kalinde ndi Nkhulambe zinkatumiza odwala kwambiri ku Holy Family, chipatala cha mpingo wa Katolika chomwe chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Popeza cha mishoni n'cholipira, ofesi ya zaumoyo ya bomalo inkalipirira odwala otumizidwawo kudzera m'mgwirizano wa boma ndi CHAM, ndipo wofunika katswiri ankapitirira ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth. Maulamuliro angapo adalonjeza chipatala, mafumu ndi aphungu akukumbutsa chaka ndi chaka, mpaka mu 2022 pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera adatsegula ku Migowi chipatala cha mabedi 250, chomangidwa ndi ngongole zochokera ku mabungwe a maiko a Aarabu pamodzi ndi ndalama za boma, chimene chidapatsidwa dzina la John Chilembwe. Dokotala wina wa ku Britain, Julian Tudor Hart, adalemba mu 1971 kuti chithandizo chabwino chimasowa kwambiri kumene chikufunika kwambiri. Zaka 24 za Phalombe zikuchitira umboni mawuwo, ndipo zikuonetsanso kuti chimene chidachedwetsa chipatala si kusowa kwa nzeru za mankhwala. Inali nkhani ya ndalama ndi ya amene mawu ake amamveka ku Capital Hill.

Munthu woyamba kuona mwana wodwala m'mudzi wa kwa Nazombe kapena kwa Chiwalo si dokotala. Ndi mlangizi wa zaumoyo. Ntchito ya alangizi idachokera kwa anthu amene ankabaya katemera wa nthomba, kenako kwa amene adalembedwa kuti alimbane ndi kolera mu 1973, ndipo cholinga cha boma n'choti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Kuyambira mu 2008 alangizi a m'madera ovuta kufikako adapatsidwa mphamvu yochiza ana osakwana zaka zisanu pa kachipatala ka m'mudzi, komwe nthawi zambiri ndi khonde la nyumba, tchalitchi kapena kachisakasa komangidwa ndi anthu a m'mudzimo. Mayi akafika ndi mwana wotentha thupi, mlangizi amaboola chala n'kudontheza magazi pa kachipangizo koyezera malungo, ndipo akapezeka amapereka LA. Mwana akamatsokomola amamuvula malaya n'kuwerenga mpweya kwa mphindi imodzi: ukafika 50 kwa khanda losakwana chaka, kapena 40 kwa wamkulupo, ndiye kuti ndi chibayo. Wotsegula m'mimba amalandira Thanzi ORS ndi zinki. Kalamba koyezera mkono kakaonetsa pofiira, mwanayo ngwonyentchera ndipo akufunika chiponde. Bokosi la mankhwala lidakonzedwa kuti lizikhala ndi maloko awiri, kiyi mmodzi kwa mlangizi, wina kwa membala wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kuti lisatsegulidwe anthu a m'mudzimo osadziwa. Ndi kanthu kakang'ono, koma ndi pamene anthu wamba adapatsidwa gawo looneka ndi maso poyang'anira katundu wa boma.

Pamwamba pa mlangizi pali namwino, mzamba ndi medical assistant pa chipatala chaching'ono, ndipo pa chipatala chachikulu pali clinical officer, amene kumudzi aliyense amangomuti adokotala. Kafukufuku amene adatuluka mu 2007, wotsogozedwa ndi akatswiri a za uchembere a ku College of Medicine, adapeza kuti pafupifupi maopaleshoni 9 mwa 10 aliwonse a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma ankachitidwa ndi ma clinical officer, ndipo zotsatira zake sizinkasiyana kwenikweni ndi za madokotala. Sukulu ya udokotala ikadatha kuwaona anthu amenewa ngati opikisana nawo kapena ongogwirizira. M'malo mwake kolejiyi idatsegula maphunziro a digiri owonjezera luso lawo pa opaleshoni, matenda a ana, uchembere ndi mafupa. Pa zonse zimene sukuluyi yachitira anthu akumudzi, chimenechi chili m'gulu la zanzeru kwambiri, pakuti clinical officer ndiye amakhalitsa kuboma pamene dokotala wapita.

Kuchoka kwa madokotala kuli ndi zifukwa zodziwika. Wophunzira amatha chaka chokonzekera ndi zaka zisanu za udokotala, zambiri mwa izo mu mzinda, kenako miyezi 18 yophunzira ntchito pa chipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central. Pofika nthawi yoti atumizidwe kuboma amakhala atazolowera kukhala ndi akuluakulu owafunsa nzeru, labotale yogwira ntchito ndi magazi osungidwa. Kuboma amapeza ali yekha kapena awiri, ndipo posakhalitsa amapezeka ali mu ofesi, akuwerengera mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala ndi ngongole ya magetsi, ntchito imene sadaiphunzire mokwanira. Akaganiza za ukatswiri, njira yake imabwerera kutawuni kapena kunja. Akakwatira, pamabuka funso la ntchito ya mnzake ndi sukulu ya ana. Pakati pa 2004 ndi 2010 boma ndi maiko othandiza adayendetsa ndondomeko yapadera yomwe idawonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti n'kuchulukitsa ophunzira, ndipo chiwerengero cha madokotala chidakweradi. Koma kuchulukitsa madokotala ndi kuwafikitsa ku Migowi ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Mbali ina ya vutoli ili m'manja mwa sukulu. Malangizo amene WHO idatulutsa mu 2010 adatsimikiza zimene maiko ambiri adaziona: wophunzira wochokera kumudzi ndiye amabwerera kumudzi kawirikawiri, ndipo amene waphunzirira nthawi yaitali pa chipatala cha kumudzi sachiopa. Ku Ingwavuma, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, chipatala cha Mosvold chidayamba mu 1999 kulipirira ana a m'deralo maphunziro a zachipatala pa pangano loti adzagwire ntchito kwawo, ndipo ambiri adasunga panganolo. Ku Malawi kolejiyi idayamba kutumiza ophunzira a chaka chachinayi kukaphunzira udokotala wa mabanja m'zipatala za m'maboma, ndipo mu 2015 idatsegula ku Mangochi maphunziro a ukatswiri wa nthambi imeneyi, omwe adafikanso ku Nkhoma. Katswiri wotere amaphunzitsidwira ntchito ya kuboma yeniyeni: kuchita opaleshoni ya mayi usiku, kuona ana m'mawa, kuyendera zipatala zazing'ono masana ndi kuphunzitsa anzake. Chipatala chatsopano cha ku Migowi, pamodzi ndi Holy Family yomwe ili kale ndi koleji yake ya anamwino ndi azamba, chikupatsa Phalombe mwayi wokhala malo ophunzirira otere, bola pakhale nyumba za ophunzira ndi dokotala wamkulu wokhazikika woti aziwayang'anira.

Koma mpata wa mwana wa ku Phalombe wolowa sukulu ya udokotala umatsekeka kale ali ku sekondale. Ambiri amaphunzira pa sukulu zoyendera za m'midzi, kumene labotale ndi mphunzitsi wa sayansi zimasowa, ndipo mapointi a MSCE ofunika pa udokotala amagwera ana a sukulu zogonera ndi zolipira. Yunivesite imene ikufuna madokotala olankhula Chilomwe, odziwa kuti kukwera kabaza kuchokera ku Mpasa usiku kumatanthauzanji, ili ndi chifukwa chokwanira cholankhulira za maphunziro a sayansi m'sekondale za kumudzi, ngakhale kuti nkhaniyo ndi ya unduna wina.

Kafukufuku ndiye njira imene nzeru za kolejiyi zafikira ku Phalombe mooneka kwambiri. Njira yosankhira msanga ana odwalitsitsa pa mzere wa odwala, yotchedwa ETAT, idakulira pa Queen Elizabeth motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, ndipo WHO idaitenga n'kuifalitsa m'maiko ambiri. Kamakina kothandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma, kotchedwa Pumani, kadapangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America, kadayesedwa ku Blantyre, n'kufalikira m'zipatala za m'maboma. Chitsanzo chokhudza Phalombe mwachindunji ndi katemera wa malungo wa RTS,S. Pa 23 Epulo 2019 Malawi lidakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu pa sikelo, Ghana ndi Kenya zikutsatira, ndipo Phalombe inali limodzi mwa maboma 11 osankhidwa. Mwana amabayidwa pa miyezi 5, 6 ndi 7, kenako komaliza pa miyezi 22. Madera ena adayamba kulandira, ena adadikira kuti pakhale poyerekezera, ndipo College of Medicine, kudzera ku Malaria Alert Centre motsogozedwa ndi Pulofesa Don Mathanga, ndiyo idatsogolera kauniuni wa ku Malawi.

Kauniuniyo adadalira anthu a m'midzi. Ana ambiri akumudzi amamwalirira pakhomo kapena panjira, osalembedwa m'kaundula wa chipatala, choncho padafunika anthu omapereka uthenga wa maliro a mwana aliyense, kuti pambuyo pake wofufuza akacheze ndi banjalo n'kumva mmene matenda adayendera. Zotsatira za maiko atatuwa zidaonetsa kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zidatsika ndi 13 peresenti, ndipo ana ogonekedwa ndi malungo aakulu adachepa ndi 22 peresenti. WHO idavomereza katemerayu mu Okutobala 2021, ndipo kumapeto kwa 2022 madera odikira aja adayamba kulandira. Kuyankhulira anthu kwa sukulu ya udokotala kumalemera kwambiri kukakhala kotere, kokhala ndi manambala amene nduna kapena bungwe la kunja silingawakane. Chovuta chimene chidaonekera ponseponse ndi katemera wachinayi uja, chifukwa mwana akayamba kuyenda amayi ambiri amaleka kupita naye ku sikelo. Kumeneko kulibe mankhwala ena koma mlangizi, amfumu ndi mpingo kukumbutsa.

Zonsezi zimaima pa kukhulupirirana, ndipo ku Phalombe kukhulupirirana kudayesedwa koopsa mu 2017. Mu Seputembala chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu angapo adaphedwa ndi magulu olusa, misewu idatsekedwa usiku, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma awiriwa, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adachita kupita yekha kukalankhula ndi anthu. Ogwira ntchito zachipatala adali pa chiopsezo chachikulu, popeza ntchito yawo ndi ya jakisoni ndi magazi. Bungwe la madokotala la Society of Medical Doctors lidatulutsa chikalata chonena kuti palibe munthu amene adapezeka atapopedwa magazi, ndipo lidachita bwino kunena poyera. Komabe kungoti anthuwo ndi mbuli sikufotokoza chifukwa chake mphekesera yomweyo idabukapo kale m'chigawo chomwecho mu 2002. Kumene anthu amaona galimoto zoyera zikubwera, alendo akutenga magazi a ana n'kupita osabweranso kudzanena zimene apeza, nthano yotere imapeza pomera. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo wofufuza amene amangooneka m'mawa umodzi sangayembekezere kuti mudzi umuteteze zinthu zikavuta. Komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku ya sukuluyi imaonetsetsa kuti munthu wavomera asadatengedwe magazi, koma chala chodindidwa pa fomu sichilowa m'malo mwa msonkhano wa pabwalo la amfumu, wofotokoza zotsatira m'chinenero chimene agogo akumva.

Nyanja ya Chilwa imaphunzitsa mbali ina ya nkhani yomweyi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo idaphwapo kangapo, monga mu 1968 ndi mu 1995. Asodzi ambiri amakhala miyezi pa zimbowera, tinyumba toyandama pa nyanja, ndipo madzi amene amamwa ndi omwewo amene amadzithandiziramo. Kolera ikabuka kumeneko imafalikira ku Machinga, Zomba ndi Phalombe. Katemera wa kolera amafuna kumwa kawiri motalikitsa milungu iwiri, koma msodzi wa pa chimbowera sangapalase bwato maola ambiri kawiri konse chifukwa cha kabotolo. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe othandizana nawo, kuphatikizapo Médecins Sans Frontières, adayesa kupatsa asodziwo kabotolo kachiwiri kuti akamwe okha tsiku likakwana, ndipo ambiri adamwadi. Nzeru imeneyi sikadabwera popanda kufunsa asodzi ndi atsogoleri a pa madoko mmene moyo wawo umayendera.

Kumapiri nkhani ndi ya napolo. Mu Malichi 1991, chaka chomwe College of Medicine inkatsegulidwa, madzi, miyala ndi mitengo zidatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi mbali ya tawuni ya Phalombe, ndipo anthu mazanamazana adafa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adabwereza zomwezo mokulira. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti afa, ena oposa 500 sadapezeke, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Kwa Nkhulambe chipatala chidaonongekeratu, milatho idapita, ndipo kwa masiku ambiri galimoto sinkafikako. Izi zidachitika dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera umene udayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Pa ngozi yotere anthu amaona ovulala, koma imfa zina zimabwera mwakachetechete pambuyo pake: womwa ma ARV amene botolo ndi buku lake la kuchipatala zidapita ndi madzi, wa shuga, wa khunyu, mayi amene matenda amuyamba usiku mtsinje uli wodzaza. Funso loti chipatala chimangidwenso pati, chotalikira bwanji ndi khwawa, ndiponso kuti mankhwala a nyengo ya dzinja afike mvula isadayambe, ndi la zaumoyo ngakhale limayankhidwa ndi mainjiniya ndi makhansala. Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany amene adatumidwa mu 1848 kukafufuza mliri ku Upper Silesia, adabwerako ndi lipoti lonena za njala, umphawi, maphunziro ndi ulamuliro, ndipo akuluakulu amene adamutuma sadakondwere nalo.

Mabwalo olankhulirapo zinthu zotere alipo kale. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidapereka mphamvu zambiri ku makhonsolo, ndipo ndalama zoyendetsera zipatala za m'boma zimadzera kumeneko. Pansi pa khonsolo pali makomiti a chitukuko a kwa mfumu yaikulu, omwe anthu amangoti ADC, ndi a kwa gulupu, a VDC. Chipatala chaching'ono chilichonse chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'deralo, yomwe imaonerera mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto n'kusainira, ndipo kuyambira mu 2018 zipatala zidayamba kukhala ndi ofesala womva madandaulo a odwala. Pa pepala zonsezi ndi zokwanira. Kufooka kwake kumadziwikanso: kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala, ndipo mamembala ambiri a makomiti sadaphunzitsidwepo kuwerenga bajeti kapena kaundula wa mankhwala. Munthu amene mawa adzabwera ndi mwana wake pa chipatala chomwecho salimba mtima kufunsa namwino chifukwa chake atsegula mochedwa. Apa ndi pamene sukulu ya udokotala ingathandize popanda kulanda udindo wa wina aliyense: kusandutsa manambala a chipatala kukhala mawu amene khansala ndi nyakwawa angawagwiritse ntchito, ndi kuphunzitsa ophunzira ake kukhala pa msonkhano wa ADC n'kumvetsera asadayambe kulangiza.

Pa mlingo wa dziko, malo ake ndi komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo, misonkhano yomva maganizo a anthu bajeti isadalembedwe, manyuzipepala, wailesi ndi magazini ya Malawi Medical Journal. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko limalamula boma kuyesetsa kupereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo Malawi zaka zambiri safikapo. Ndalama zoposa theka zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo zakhala zikuchokera kunja, ndipo kuopsa kwa zimenezi kudaonekera mu 2025 pamene boma la America lidadula mwadzidzidzi thandizo lake lodzera ku USAID. Mabungwe ngati Malawi Health Equity Network akhala akulondoloza nkhani zimenezi kwa zaka zambiri, koma mawu awo amakula mphamvu akatsamira pa kafukufuku wa yunivesite.

Kulankhula kuli ndi mtengo wake. KUHeS ndi yunivesite ya boma, malipiro a aphunzitsi ake amachokera ku Treasury, ndipo omaliza maphunziro amayembekezera ntchito ku unduna womwewo umene angafune kuudzudzula. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Malichi 1992, imene idagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, idatchulamo kuthithikana kwa odwala, kuchepa kwa ogwira ntchito ndi kukondera pa chithandizo, ndipo olemba ake adaopsezedwa. Mkangano wa ufulu wa aphunzitsi ku Chancellor College mu 2011 udakumbutsa kuti ngakhale m'nthawi ya zipani zambiri mawu a m'kalasi angathe kufika kupolisi. Palinso ngozi ya mbali inayo, yoti katswiri akalowa m'komiti ya boma amamangika pakamwa. Mu 2020 Dr John Phuka wa ku kolejiyi adakhala mmodzi wa apampando awiri a komiti ya Pulezidenti yolimbana ndi Covid-19, m'chaka cha chisankho chobwereza, pamene khoti lidaletsa m'bindikiro wa masiku 21 ndipo chilichonse chonenedwa za mliriwo chinkamveka ngati ndale. Malire amene sukulu ingawasunge ndi oti iyankhulire odwala, osati chipani, ndipo inene zofanana kaya pampando pali ndani.

Uchembere ndi pamene mbali zonsezi zimakumana. Kafukufuku wa dziko lonse adapeza amayi 984 omwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004, 675 mu 2010, ndi 439 mu 2015 ndi 2016. Mayi akamwalira, ogwira ntchito amayenera kukhala pansi n'kuunika imfayo potsata kuchedwa kwa mitundu itatu kumene Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine adakufotokoza mu 1994. Kuchedwa koyamba ndi kwa pakhomo, pamene akudikira mwinimbumba kapena bambo amene ali kunyanja kuti alole ulendo. Kwachiwiri ndi kwa panjira: mlatho, kabaza, ambulansi imodzi yomwe yapita kale kwina kapena ilibe mafuta. Kwachitatu ndi kwa pachipatala, pamene mzamba ali yekha, magazi palibe kapena magetsi azima kufiyeta. Boma lidaletsa azamba akumudzi mu 2007, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsocho mu 2010, ndipo mafumu ambiri adakhazikitsa chindapusa cha mbuzi, nkhuku kapena ndalama kwa mayi wochirira pakhomo. Chindapusacho chidathandiza kudzaza zidikiro, ndipo lero amayi oposa 9 mwa 10 aliwonse amachirira kuchipatala. Koma chimalanga kuchedwa koyamba kokha, ndipo nthawi zina chimagwera mayi amene cholakwa chake n'kukhala kutsidya kwa mtsinje. Kuchedwa kwachiwiri ndi kwachitatu kulibe chindapusa, ndipo malipoti a kauniuni wa imfa za amayi, omwe amatchula mlatho ndi mafuta mwachindunji, kawirikawiri amathera mu ofesi ya zaumoyo osafika pa msonkhano wa khonsolo pamene ndalama za misewu ndi za ambulansi zimagawidwa.